SPF, DKIM, DMARC kapena kukanena: chimateteza dzina la bizinesi yanu pa imelo ndi chiti?

Mwezi wa Julaye, kuzizira kwa Mzuzu kuli pachimake, mayi wina amene ali ndi nyumba yogona alendo cha ku Katoto anandiimbira foni ndisanamwe n'komwe tiyi. "Achimwene, tabwerani mudzaone kompyuta yanga, anthu andilowera." Bungwe lina lomwe limakonda kuchitira maphunziro pamalo pawo linali litalandira inivoisi yooneka bwinobwino, chizindikiro cha lojiyo chili pamwamba, dzina la mayiwo lili pansi, koma nambala ya akaunti ya kubanki inali ya munthu wina. Mwayi wake, wowerengera ndalama wa bungwelo anadabwa kuti akaunti yasintha liti, n'kuimba foni asanalipire.

Nditafika ndinapeza kompyuta ilibe vuto. Pasiwedi sinabedwe, m'bokosi la makalata otumizidwa munalibe chachilendo. Kalata ija inachokera pa seva ina yakunja, ndipo wolembayo anangoika adiresi ya mayiwo pamzere wa From basi. Mayiwo anandiyang'ana mokayika. "Ndiye munthu angolemba dzina langa osadziwa pasiwedi?"

Angathe, ndipo si zovuta. Njira yotumizira imelo, SMTP, inalembedwa mu 1982, nthawi imene makompyuta olumikizidwa anali ochepa ndipo eni ake ankadziwana. Palibe anaganiza zofunsa wotumiza kuti ndiwedi iwe. Zili ngati kupositi ofesi: kumbuyo kwa envelopu mutha kulemba dzina la aliyense, ngakhale la abusa anu, kalata idzapitabe.

Musanasankhe chochita, dziwani kuti akamberembere a pa imelo alipo a mitundu itatu, ndipo mankhwala a mmodzi sagwira kwa mnzake. Woyamba amalemba adiresi yanu yeniyeni, ngati uja wa inivoisi. Wachiwiri amagula domeni (dzina lobwera pambuyo pa @ mu adiresi ya imelo) yofanana ndi yanu: inu muli pa dzinalanu.mw, iye wagula dzina1anu.com, pomwe pali chilembo l waikapo nambala 1, kapena pomwe pali m walemba r ndi n moyandikizana. Pa foni ya galasi long'aluka simungaone kusiyana. Wachitatu wakuberani pasiwedi ndipo ali m'bokosi lanu momwemo, akuwerenga zimene mukukambirana ndi makasitomala. SPF, DKIM ndi DMARC zimalimbana ndi woyamba yekha. Ndanena izi poyambirira chifukwa ndaona anthu akulipira wokonza makompyuta, n'kugona tulo poganiza kuti zitseko zonse zitatu zatsekedwa.

Kungokhala pa gmail.com

Amalonda ambiri a mumsika wa Taifa, makontirakitala aang'onoang'ono ndi masukulu a mkaka ali pa adiresi yaulere ya Gmail, ndipo sindiwanyoza. Simulipira kanthu, ndipo zonse zotsimikizira kuti kalata yachokeradi ku Gmail amachita a Google okha. Kadontho m'dzina sikasintha kanthu ku Gmail, choncho dzina.lanu ndi dzinalanu ndi bokosi limodzi, wina sangalitenge. Koma akangowonjezera 2 kapena mw kumapeto, wapeza adiresi yatsopano m'mphindi zisanu, mwaulere, ndipo kalata zake zidzaoneka zoyera ngati zanu. Ngati makasitomala anu mumalankhulana nawo pa WhatsApp ndipo amakudziwani mawu, khalani pomwepo. Koma ngati mumatumiza makotesheni ndi mainivoisi kumabungwe, kapena mumaitanitsa katundu ku Dar es Salaam n'kumalipira kudzera kubanki, domeni yanuyanu ndi yofunika, chifukwa ndi yokhayo imene mungaiikire loko.

SPF yokha

SPF ndi mndandanda umene mumasiyira mlonda pachipata: makalata a domeni iyi amachokera pa maseva awa ndi awa. Ndi mzere umodzi wa TXT mu DNS ya domeni yanu, kutanthauza buku la pa intaneti limene maseva amaonamo zokhudza domeniyo. Wa pa Google Workspace, imelo ya Google ya mabizinesi okhala ndi domeni yawoyawo, amalemba v=spf1 include:_spf.google.com ~all, ndipo pakatha mphindi khumi ntchito yatha. Kuphweka kwakeko ndi kumene kumachititsa kuti ambiri aimire pomwepa.

Mayi aja SPF anali nayo. Anawaikira mnyamata amene anawapangira webusaiti zaka zingapo zapitazo. Sinawathandize, ndipo chifukwa chake ndi ichi: imelo imakhala ndi maadiresi awiri a wotumiza. Ina ili pa envelopu, imene maseva amaonana nayo, yotchedwa Return-Path. Ina ili pamutu pa kalata, ya From, imene munthu amaona. SPF imayang'ana ya pa envelopu yokha. Wakuba uja pa envelopu analemba domeni yake, yomwe SPF yake inali bwinobwino, pamutu n'kulemba ya mayiwo. Mlonda anaona envelopu, n'kutsegula chipata.

Ilinso ndi tizovuta tina. Munthu akaika kuti makalata a kuntchito kwake azipitirira okha ku Gmail yake, kalata yanu imafika kuchokera pa seva imene siili pamndandanda, ndipo SPF imalephera pamene inu simunalakwe. Mzerewo sulolanso kufufuza mu DNS kopitirira ka 10, choncho mukachulukitsa ma include umasiya kugwira ntchito. Ndipo cholakwa chimene ndachipeza kambirimbiri muno m'tauni ndi mizere iwiri ya SPF pa domeni imodzi, wakale wa hosting (kampani yosunga webusaiti yanu) ndi watsopano wa Google. Iwiri siiwirikiza chitetezo, imangophana yonse. Aphatikizeni akhale umodzi.

DKIM

Iyi ndi chidindo. Seva yanu imasunga kiyi wachinsinsi, ndipo kalata iliyonse ikamatuluka imaidinda. Kiyi mnzake, woti aliyense aone, mumamuika mu DNS, ndipo wolandira amayerekeza ziwirizi. Zikagwirizana ndiye kuti kalata inadindidwadi ndi domeni imeneyo ndipo sinasinthidwe panjira. Munthu atasintha nambala ya akaunti m'kati mwa kalata yodinda kale, chidindo chimasweka. DKIM inabadwa pophatikiza njira ziwiri, ya Yahoo ndi ya Cisco, ndipo malamulo ake omwe akugwira ntchito pano anatuluka mu 2011.

Atandiuza kuti ndisankhe imodzi pakati pa SPF ndi DKIM, ndingatenge DKIM, chifukwa chidindo chimayenda ndi kalata. Ngakhale ipitirire pa maseva atatu, bola osaisintha, chimafika chili chonse. Kuiika sikovuta monga dzina likuopsezera. Pa Google Workspace pali pamene palembedwa Authenticate email, mumapanga kiyi wa 2048, kumukopera mu DNS, kenako kubwerera kukadina kuti ayambe kudinda. Sitepe yomalizayi ndi imene anthu amaiwala. Pa Microsoft 365 mumaika mizere iwiri ya CNAME. Amene imelo yawo ili pa hosting ya cPanel ayang'ane pa Email Deliverability, pamaonetsa chimene chikusowa.

Koma nayonso payokha siifunsa ngati chidindo chikugwirizana ndi dzina la pa From. Wakuba amadinda ndi chidindo chake, chimene ndi chenicheni ndithu, kungoti si chanu.

Pali phindu lina la ziwirizi limene silikhudza mbava. Kuyambira Febuluwale 2024, Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM. Ngati makotesheni anu akhala akugwera mu Spam, kapena kasitomala akulumbira kuti sanalandire kanthu, yambani mwayang'ana apa musanakangane naye.

DMARC, pamene pagona nkhani

DMARC inayamba mu 2012, ndipo ndi imene imamanga ziwiri zija pamodzi. Imafunsa funso limene zinzake sizifunsa: domeni imene yapambana SPF kapena DKIM, kodi ndi yomweyo imene munthu akuona pa From? Imodzi mwa ziwirizo ikapambana ndipo ikugwirizana ndi From, kalata yadutsa. Zonse zikapanda kugwirizana, wolandira amayang'ana lamulo limene mwini domeni anasiya. Malamulowo ndi atatu: p=none, kutanthauza ingoonani osachita kanthu; p=quarantine, iponyeni mu Spam; p=reject, ikaneni isalowe n'komwe. Gmail, Outlook ndi Yahoo amamvera lamuloli. Maseva ena ang'onoang'ono samvera, koma makasitomala anu ambiri ali kwa atatuwa.

Mzere woyambira umakhala pa _dmarc.dzinalanu.mw ndipo umaoneka chonchi: v=DMARC1; p=none; rua=mailto:malipoti@dzinalanu.mw. Kachigawo ka rua ndi kamene ndimakakonda. Tsiku ndi tsiku makampani akuluakulu olandira makalata amakutumizirani lipoti la seva iliyonse imene yatumiza kalata m'dzina lanu, ndi mmene yakhozera. Malipotiwo amabwera ngati mafayilo a XML, osawerengeka ndi maso wamba, koma pali mawebusaiti amene amawasandutsa tebulo, ena mwaulere kwa domeni yaing'ono.

Kwa mayi aja tinayamba ndi none. Patatha masabata awiri ndinakhala nawo paofesi, mbaula ili pamapazi, tikuwerenga tebulo. Munali Google, monga timayembekezera. Munali seva ya hosting, imene fomu ya pa webusaiti imatumizira alendo uthenga wotsimikiza chipinda. Munali pulogalamu yowerengera ndalama imene imatumiza mainivoisi yokha. Munalinso makina ojambula mapepala a pa risepishoni, amene aliyense anali ataiwala kuti amatumiza imelo. Kupatula apo munali ma IP (manambala ozindikirira maseva) achilendo a m'mayiko amene mayiwo sanapondeko. Tikanathamangira reject tsiku loyamba, tikanatsekera kunja mbava pamodzi ndi mainivoisi awo omwe, ndipo iwo sakanadziwa kuti n'chifukwa chiyani anthu sakulipira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinakonza fomu ndi pulogalamu ija kuti zizidinda DKIM ya domeni yawo, kenako quarantine, ndipo patapita mwezi wina, reject.

Ngozi ina ili mbali inayo, ndipo ndi imene yafala kwambiri: kukhala pa none mpaka kalekale. Google ndi Yahoo mu Febuluwale 2024, kenako Microsoft pa 5 Meyi 2025, analamula kuti otumiza makalata ambirimbiri (kwa Google ndi Microsoft, opitirira 5,000 patsiku) akhale ndi DMARC, koma none imawakwanira. Choncho madomeni ambiri ali ndi mzerewo, ukafufuza umaona chizindikiro chobiriwira, pamene chitetezo palibe. Ndi mlonda amene amalemba m'buku kuti wakuba walowa nthawi yakuti, n'kumufunira usiku wabwino.

Amene muli ndi domeni yongosunga, monga .com imene munagula kuti wina asaitenge koma simutumizirapo makalata, musadikire chilichonse: v=spf1 -all ndi p=reject lero lomwe.

Ndipatuke pang'ono. Chovuta chachikulu pa ntchito yonseyi si luso ayi, ndi kupeza amene ali ndi pasiwedi ya DNS. Kawirikawiri domeni inalembetsedwa m'dzina la wopanga webusaiti, amene pano ali ku Joni ndipo nambala yake siikupezeka. Kwa mayi aja tinataya masiku anayi tikumusaka kudzera kwa msuweni wake wa ku Chibavi. Fufuzani lero kuti domeni ili m'dzina la ndani. Ngati ndi ya .mw, kaundula wake amasunga a Malawi SDNP.

Domeni yofanana ndi yanu: kukanena kuti?

Mbava zitaona kuti chitseko choyamba chatsekedwa, sizinapite kutali. Kunatulukira domeni ya .com yosiyana ndi ya lojiyo chilembo chimodzi, ndipo kalata zake zinkapambana SPF, DKIM ndi DMARC zonse zitatu, popeza domeniyo inalidi yawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Apa mulibe mzere wa DNS umene mungaike. Chotsala ndi kukanena, ndipo malo okanena ndi osiyana mphamvu.

Musanapite kulikonse, sungani umboni. Chithunzi cha pa foni sichikwanira, ndipo mukangodina Forward zambiri za kumene kalata yadutsa zimatayika. Pemphani amene wailandira atsegule Gmail pa kompyuta, adine timadontho titatu, asankhe Show original. Pamwamba pamaoneka PASS kapena FAIL ya SPF, DKIM ndi DMARC, pamodzi ndi IP ya wotumiza, ndipo pali podina kuti musunge kalata yonse ngati fayilo. Fayilo imeneyo ndiyo mboni yanu.

Batani la Report phishing, lonenera kalata zachinyengo zodzitcha munthu wina, ndi lachangu kuposa zonse. Limaphunzitsa sefa ya Gmail kapena Outlook kuti izindikire kalata zotere. Silitseka domeni, ndipo palibe adzakuyankheni. Dinani, koma musawerengere kuti mwamaliza.

Ngati kalatayo ili ndi linki yopita patsamba labodza lopempha pasiwedi, kanenani ku Google Safe Browsing. Akavomereza, Chrome, Firefox ndi Safari zimaonetsa chenjezo lofiira munthu asanalowe. Pa tsamba labodza njira iyi imapindula msanga kuposa zina. Pa inivoisi yabodza yopanda linki siithandiza kanthu.

Kenako pali kampani ya hosting imene seva ya wakubayo ili. Kuyambira 1997 pali mwambo wolembedwa woti makampani otere azikhala ndi bokosi la abuse@. IP ija mukaifufuza pa whois (kaundula wa eni ma IP) ya AFRINIC ngati ndi ya mu Africa muno, kapena ya RIPE ngati ndi ya ku Ulaya, mumapeza mwini wake ndi adiresi yodandaulira. Makampani abwino amatseka akauntiyo mwachangu. Vuto ndi lakuti domeni imatsala m'manja mwa wakuba, ndipo mawa wasamukira pa seva ina. Mukapeza kuti IP ndi ya Cloudflare, dziwani kuti kampani imeneyi nthawi zambiri imangokhala kutsogolo ngati chishango cha seva yeniyeni, koma ali ndi fomu imene amapititsira dandaulo kwa mwini seva weniweni.

Pamene ndimaika mphamvu zanga ndi kwa registrar, kampani imene inagulitsa domeniyo. Lembani dzina la domeni pa lookup.icann.org. Dzina la mwini wake kawirikawiri limabisidwa kuyambira 2018, lamulo la ku Ulaya la GDPR litayamba kugwira ntchito, koma mudzaona registrar, adiresi yake ya abuse, ndi tsiku limene domeniyo inalembetsedwa. Domeni ya masiku asanu ndi anayi imene ikudzitcha loji ya zaka khumi, umenewo ndi umboni kale. Kuyambira pa 5 Epulo 2024, mgwirizano wa ICANN, bungwe loyang'anira mayina a madomeni, umakakamiza ma registrar a madomeni monga .com, .net ndi .org kuchitapo kanthu mwachangu akapatsidwa umboni womveka wa phishing kapena malware (mapulogalamu oononga). Akaiimitsa, mumaona mawu akuti clientHold, ndipo imelo ndi webusaiti ya wakubayo zimafa limodzi, asamukire kulikonse. Registrar akakhala chete, mutha kukamunenera kwa ICANN komweko. Lamuloli silikhudza madomeni a mayiko, choncho yabodza ikakhala ya .mw, dandaulo lipite ku SDNP.

Kalembedwe ka dandaulo kali ndi kanthu. Lembani m'Chingerezi, mwachidule, popanda mkwiyo: domeni yabodza ndi iyi, yeniyeni ndi iyi, tsiku lakuti inatumiza inivoisi yosintha akaunti, kalata yonse nayi. Linki yoipa muilembe ndi hxxp m'malo mwa http kuti sefa yawo isameze dandaulo lanu. Musalembe kuti "atibera dzina" basi, chifukwa adzakuuzani kuti mikangano ya mayina saweruza iwo. Nenani za chinyengo, muonetse.

Mikangano ya mayinayo ili ndi bwalo lake, UDRP, limene milandu yake yambiri imapita ku WIPO, bungwe la UN loona za umwini wa mayina ndi zizindikiro za malonda, ku Geneva. Mukapambana amakupatsani domeniyo. Koma malipiro amayambira pa madola 1,500, zimatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo muyenera kuonetsa kuti dzinalo muli nalo ufulu ngati chizindikiro cha malonda. Kwa banki kapena kampani yotumiza khofi kunja, mwina. Kwa loji ya zipinda khumi ndi ziwiri, ayi.

Nanga MACRA ndi apolisi? Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi limene linakhazikitsa Malawi CERT, nthambi yoona za chitetezo cha makompyuta imene ili pansi pa MACRA, ndipo chinyengo chotere ndi mlandu. Iwo sangazimitse okha domeni ya .com yogulidwa kunja. Mphamvu yawo ili pa zimene zili m'dziko muno: akaunti ya kubanki imene yalembedwa pa inivoisi, kapena nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene ndalama zimati zipiteko. Ulusi umenewo ndi umene ungafikitse kwa munthu, pamene registrar amangotseka chitseko osafunsa kuti anali m'katimo ndani. Ndipo ngati ndalama zapita kale, siyani zonse ndanenazi, imbani kubanki ola lomwelo, kenako kupolisi kukatenga lipoti. Za ma registrar muzichita madzulo.

Wakuba wachitatu ndi foni

Amene walowa m'bokosi lanu amapambana mayeso onse, chifukwa akutumiza ngati inu. Mankhwala ake ndi 2-Step Verification, yofuna chitsimikizo chachiwiri monga cha pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, kwa aliyense paofesi, kuyambira abwana, amene nthawi zambiri ndiwo amakana. Mukakayikira, sinthani pasiwedi ndipo muyang'ane mu Settings ngati wina sanaike lamulo lopititsa makalata anu kwina kapena lobisa mayankho a makasitomala. Mbava zimakonda kusiya zimenezi kuti zizionabe ngakhale mutasintha pasiwedi.

Chimene chinapulumutsa mayi aja tsiku loyamba lija sichinali mu DNS. Anali wowerengera ndalama amene anakumbukira kuti safunsa anadya phula. Njira iyi ndi yokhayo imene imagwira akuba onse atatu, ndipo mtengo wake ndi mayunitsi a mphindi imodzi: kalata iliyonse yonena kuti akaunti yasintha, imbani foni pa nambala imene munali nayo kale, osati imene yalembedwa m'kalatamo. Kufooka kwake n'kwakuti imadalira munthu, ndipo munthu amatopa, amapita kutchuthi, kapena abwana amamuthamangitsa kuti alipire isanakwane 3 koloko. N'chifukwa chake sindiilola kuti ikhale yokha.

Domeni yabodza ija registrar anaiimitsa patatha masiku angapo, nditalemba kawiri. Pansi pa inivoisi iliyonse ya lojiyo tsopano pali mzere wakuti akaunti yawo siisintha kudzera pa imelo. Malipoti a DMARC akubwerabe m'mawa uliwonse, ndipo mayiwo amandiponyera ena pa WhatsApp n'kufunsa kuti, "Achimwene, izi ndi zoopsa?" Ambiri amakhala ma IP achilendo amene akanidwa pachipata. Makina a pa risepishoni aja okha ndi amene anatikanika kuwaphunzitsa kudinda, moti pano amangosunga mapepala pa flash.